Funsani Mmisiri: Kodi wowotcherera zitsulo angaphunzire kulemba mapulogalamu a makina a CNC?

Funso: Ndimachokera ku Mangochi ndipo ndimagwira ntchito yowotcherera zitsulo pa fakitale ina ya ku Wadeville ku South Africa, komwe timapanga mafulemu a mipando ndi zogwirira za m'masitepe. Abwana anagula makina a CNC (oyendetsedwa ndi kompyuta) opinda mapaipi ndi ena odula ndi laser. Amene amalemba mapulogalamu amalandira ndalama zoposa zanga, komabe mapaipi ake nthawi zambiri amakana kulowa mu jigi (chimango chogwira zidutswa powotcherera), ndipo ine ndiye ndimavutika kutseka mipata. Sukulu ndinalekera Fomu 4 ndipo ndili ndi satifiketi ya Trade Test ya kumudzi. Kodi ntchitoyi ndingaiphunzire, nanga ndiyambire pati? Wowerenga wa ku Germiston.

Yankho: Bambo, mungaiphunzire ndithu, ndipo mbali yovuta kwambiri ya ntchitoyi mukuidziwa kale, chifukwa munthu amene wakhala zaka akuona chitsulo chikukoka ndi kupindika chikamazizira amadziwa zinthu zimene kompyuta siingamuuze. Makina a CNC amachita zokhazo zimene alamulidwa, ndipo ngati wolamulayo sadziwa khalidwe la chitsulo, amabwereza cholakwa chomwecho pa paipi iliyonse mpaka mulu wonse utaonongeka.

Tiyambe ndi makina opinda, popeza ndi amene akukupatsani mavuto pa jigi. Pulogalamu yake imakhala ndi manambala atatu pa malo aliwonse opinda, amene amisiri amawatchula kuti Y, B ndi C. Y ndi utali umene paipi ikankhidwe kutsogolo, B ndi madigiri amene itembenuzidwe, ndipo C ndi madigiri amene ipindidwe. Zimaoneka zophweka, koma paipi ikamasulidwa imabwerera pang'ono ngati nsungwi yaiwisi, zomwe pa fakitale amati springback. Mukalamula madigiri 90 ndendende, paipi imatuluka yosakwanira madigiriwo, choncho wolemba pulogalamu ayenera kupinda kachidutswa koyesera, kuyeza kusiyanako, ndi kuonjezera madigiri osowawo. Stainless (chitsulo chosachita dzimbiri) imabwerera kwambiri kuposa chitsulo wamba, ndipo ngakhale mapaipi a mtundu umodzi amasiyana akachokera m'mitolo yosiyana. Ndikukayikira kuti mnzanuyo amagwiritsabe ntchito manambala a mtolo wakale pamene wafika watsopano, ndipo ichi ndicho chinthu choyamba chimene mungakambirane naye mwaulemu.

Masamu ofunika sadutsa a Fomu 4. Mwachitsanzo, ngati paipi ikupindidwa madigiri 90 pa radius ya mamilimita 100 poyezera pakati pa paipiyo, malo okhotawo amadya mamilimita pafupifupi 157, chifukwa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a mzere wozungulira. Komabe paipi imatalikako ikamapindidwa, chifukwa mbali yakunja imakokeka ndi kupyapyala pamene yamkati imapanikizika, ndipo munthu akapanda kuwerengera kutalikako, malo onse opinda otsatira amasuntha. Paipi yopyapyala, monga ya mamilimita 38 yokhala ndi khoma la mamilimita 1.6, ikapindidwa mothina imafuna chitsulo chochirikiza chotchedwa mandrel m'kati kuti isaphwatalale, ndiponso chida china chotchedwa wiper die kuti isachite makwinya. Yang'ananinso msoko wa paipi: ukamagwera mbali yosiyana pa paipi iliyonse, mapindikidwe amasiyananso.

Ku makina a laser n'kumene luso lanu lingaonekere msanga. Inu mukudziwa kuti pa khoma la mamilimita 1.6 mpata ukakula pang'ono pokha, njira yowotcherera ya TIG imaboola, ndipo ya MIG imafuna waya wambiri umene umatenthetsa chitsulo n'kukoka fulemu yonse. Wolemba pulogalamu wodziwa zimenezi amawerengera kachitsulo kamene kuwala kwa laser kumadya podula, amadula kamwa ya paipi kuti ikumbatire inzake bwinobwino, ndiponso amatha kudula timano ndi timabowo tolowetsana kuti zidutswa zigwirane zokha musanaike ngakhale tack imodzi (kadontho kowotcherera kongogwirizira). Amasankhanso mpweya moganizira wowotcherera, pakuti oxygen imasiya kakhungu kakuda m'mphepete mwa chitsulo kamene kamafuna kupalidwa, pamene nitrogen imasiya m'mphepete moyera, ndipo n'chifukwa chake imagwiritsidwa ntchito pa stainless.

Za G-code, chilankhulo cholamulira makina a CNC, musaope. Mapulogalamu ambiri a makina a mapaipi masiku ano amachokera ku chojambula cha pa kompyuta, kawirikawiri fayilo ya STEP, ndipo salembedwa mzere ndi mzere pamanja. Komabe ndi bwino kudziwa kuti G00 imathamangitsa makina osadula, G01 imadula mowongoka, G02 ndi G03 zimadula mokhota, G21 imatanthauza mamilimita ndipo G20 imatanthauza mainchi. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, choncho kusokoneza ziwirizi kukhoza kuswa makina. Chimene ndikukulimbikitsani kwambiri ndi kuphunzira kuwerenga chojambula mpaka muzitha kuona paipi yonse m'maganizo, kenako pulogalamu yojambulira monga SolidWorks kapena Fusion. Pemphani kapitawo kuti muziima pa makinawo pamene akusintha ma die (zikombole zopindira paipi) ndi kuyesa chidutswa choyamba, ndipo muzilemba m'kabuku mtundu wa paipi, madigiri olamulidwa ndi madigiri amene atuluka.

Pa nkhani ya mapepala, satifiketi ya kumudzi imawunikidwa ndi SAQA, bungwe la boma loona za masatifiketi, kuti izindikirike kuno. Munthu wodziwa ntchito angathenso kudzera njira ya ARPL, imene imazindikira luso lophunzira pa ntchito, n'kukalemba trade test pa malo ovomerezeka monga INDLELA ku Olifantsfontein. Funsani ngati fakitale yanu ili pansi pa merSETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito za zitsulo ndi zomangamanga za makina. Southern African Institute of Welding, yomwe inakhazikitsidwa mu 1948 ndipo ili ku City West mu Johannesburg muno, imaphunzitsa za kuwotcherera ndi kuyendera ntchito yowotcherera. Ena mwa malowa angafune kuona mapepala anu ovomerezeka okhalira m'dziko muno, choncho akonzeni kaye musanalipire ndalama iliyonse.

Funso: Magetsi akazima paipi ili pakati popindidwa, kodi ndingapitirize magetsiwo akabwerera? Wowerenga wa ku Booysens.

Yankho: Musafulumire kudina batani. Makina ambiri amafuna kubwezeredwa kaye pa malo ake oyambira kuti adziwenso pamene mbali zake zili, ndipo paipi imene yamasulidwa ili pakati popindidwa kawirikawiri siibwereranso pa madigiri oyenera, moti ndi bwino kuiika pambali. Poichotsa, zimitsani makina ndi kukhoma switch ndi loko, chifukwa magetsi akhoza kubwerera dzanja lanu lili pakati pa ma die. Mukayambiranso, yendetsani chidutswa choyamba pa liwiro lochepa, palibe munthu woima pamene paipi imazungulira, ndipo muchiyeze mu jigi musanapinde chachiwiri.