Funsani Akonzi: Kodi Epic ndi Collector's Edition n'zoyenera mtengo wake?

Makalata ambiri a mwezi uno akhudza nkhani imodzi. Kampani ikatulutsa gawo latsopano la gemu ya pa intaneti, imaligulitsa pa mitengo iwiri kapena itatu, ndipo wogula amasowa pogwira. Tasankhapo makalata asanu. Mitengo taitchula m'madola a ku America. Pofuna kudziwa m'makwacha, werengerani pa mtengo umene banki yanu ikudulira pa khadi tsiku logulalo.

Akonzi, ndimasewera World of Warcraft. Gawo latsopano likamabwera pamakhala Base, Heroic ndi Epic. Anzanga a mu guild, gulu lathu losewera limodzi, akuti wogula Base amatsalira m'mbuyo. Kodi n'zoona?
*Wowerenga wa ku Area 25, Lilongwe*

Ayi achimwene, satsalira. Nkhani ya gemu, madera atsopano, ma dungeon ndi raid (malo amene osewera amalowa m'magulu kukamenya adani amphamvu) komanso level yomaliza n'zofanana pa mitundu yonse itatu. Palibe lupanga kapena chovala chankhondo cha mu Epic chimene chingakupatseni mphamvu zoposa za mnzanu wa Base.

Tiyeni tiwerengere pogwiritsa ntchito The War Within, gawo limene Blizzard, kampani yopanga gemuyi, inatulutsa mu Ogasiti 2024. Base inali madola 50, Heroic 70, Epic 90. Mu Base munali gemu yonse, level boost imodzi yofikitsa munthu wanu wa mu gemu pa level 70, ndi Trader's Tender 500, yomwe ndi ndalama ya mu gemu yogulira zokongoletsa. Wowonjezera madola 20 n'kugula Heroic ankalandira chokwera (nyama yoyendera mu gemu) chotchedwa Algarian Stormrider, chovala chongokongoletsa, ndipo Tender ankakwera kufika 750. Epic inkawonjezera kanyama koyenda nako, chidole, kamaonekedwe kena ka hearthstone (kamwala kobwererera kunyumba mu gemu), Tender 1,000, mwayi wolowa mu beta (kuyesa gawolo lisanatuluke), kulowa msanga masiku angapo, ndi masiku 30 osewera.

Masiku 30 amenewa ndiwo ofunika kuwayang'anitsitsa, chifukwa pa mndandanda wonsewu ndi chinthu chokhacho chimene mukanalipira ndithu. Ndalama ya pamwezi ya World of Warcraft ndi madola 15. Choncho kusiyana kwa Base ndi Epic, komwe kukuoneka ngati madola 40, kwenikweni ndi 25. Funso n'lakuti: chokwera, chovala, kanyama ndi masiku ochepa aja mukanazigula pa madola 25 zikanakhala pa shelefu pazokha? Mu shopu ya Blizzard zokwera zambiri zimagulitsidwa pafupifupi pa mtengo womwewo. Ngati ndinu munthu wotolera zokwera, amene mumagula kale mu shopumo, Epic siyikukuberani. Koma ngati simunagulepo chokwera ndi ndalama zenizeni chiyambire kusewera, ndiye kuti simukuzifuna, ndipo kuziika m'phukusi limodzi sikusintha kanthu.

Ife timaona kuti Heroic ndiyo yofooka pa itatuyi. Mulibe masiku osewera, mulibe kulowa msanga, ndipo Tender 250 owonjezerawo ndi ochepa poyerekeza ndi 1,000 amene wosewera aliyense angapeze mwezi uliwonse polowa mu gemu ndi kukwaniritsa ntchito za mu Traveler's Log, mndandanda wa zochita za mweziwo.

Pali malo amene masamu amakomera wogula. Guild Wars 2 ilibe malipiro a pamwezi, ndipo pa gawo la End of Dragons la mu 2022 mitengo inali madola 30, 55 ndi 80. Mtundu wa 80 unkabwera ndi ma gem 4,000 (ndalama ya mu shopu ya gemuyo), amene pawokha amagulitsidwa madola 50, pamene kusiyana kwake ndi mtundu wa 55 kunali 25 yokha. Kwa munthu amene amagula kale ma gem kuti awonjezere malo m'chikwama kapena mu banki ya gemu, apo ndalama imapulumukadi. Kawerengedwe kake ndi komweko paliponse: chotsani pa mtengo zimene mukanagula ngakhale phukusilo kulibe, kenako muone ngati zotsalazo zikukwana ndalama yotsalayo.

Chinanso, simukakamizidwa kusankha lero. Blizzard imalola wogula Base kukwera kupita ku Heroic kapena Epic pambuyo pake, ndipo pa Final Fantasy XIV mutha kugula zinthu za Digital Collector's Edition pa Mog Station, tsamba la akaunti la gemuyo, ngakhale patapita miyezi. Kutsika kokha ndiko kulibe.

Akonzi, chimene chikundikopa ine ndi early access basi. Kodi kulowa masiku angapo anzako asanalowe kuli ndi phindu lenileni?
*Wowerenga wa ku Ndirande, Blantyre*

Phindu lilipo, koma ndi la anthu ochepa. Pa The War Within, ogula Epic analowa pa 22 Ogasiti, ena onse pa 26 Ogasiti. Zitseko zinatsegulidwa 3 koloko masana nthawi ya ku California, yomwe kuno ndi 12 koloko usiku. M'masiku amenewo munthu ankatha kukweza level kuchoka pa 70 kufika 80 ndi kuyamba ntchito zamanja monga kukumba miyala ndi kuthyola zitsamba. Koma raid ya Nerub-ar Palace sinatsegulidwe mpaka patadutsa milungu iwiri kuchokera tsiku la aliyense lija. Amene anagula Base anali ndi nthawi yokwanira yofika pa 80 ndi kuvala mokwanira raid isanayambe.

Opindula kwenikweni ndi amalonda a mu auction house, msika wa mu gemu umene osewera amagulitsana zinthu. Masiku oyamba miyala ndi zitsamba zimakhala zosowa ndipo mitengo imakhala pamwamba, ndiye wokumba msanga amakolola golide wambiri. Enanso ndi amene amaonetsa masewera awo pa Twitch kapena YouTube, ndi amene safuna kuti wina awaululire mathero a nkhani.

Kwa wosewera wa kuno pali zinthu zitatu zimene zingadye masiku amenewa. Choyamba ndi kudawuniloda. The War Within inkafuna malo okwana 128 GB pa SSD (chosungira zinthu mu kompyuta), ndipo Dawntrail ya Final Fantasy XIV inkafuna 140 GB. Ngati gemu mulibe kale pa kompyuta, kapena simunatsitsiretu zigawo zimene amatulutsa pasadakhale, tsiku loyamba lonse lithera kuyang'ana kamzere kakukwawa, bandulo nayo ikutha. Chachiwiri ndi magetsi: masiku amene mwalipirawo sayima chifukwa kwanu kwazima. Chachitatu ndi mzere wolowera. Magemu awiriwa alibe ma seva mu Africa, choncho ambiri kuno amasewerera pa a ku Ulaya, ndipo netiweki ikangoduka pang'ono muli pamzere, nthawi zina mumabwerera kumbuyo kwenikweni. Endwalker, gawo lina la Final Fantasy XIV, itatuluka mu Disembala 2021, mizere inatalika mpaka Square Enix, kampani yopanga gemuyo, inayamba yaimitsa kugulitsa gemuyo ndipo inapatsa osewera masiku aulere opepesera. Walira mvula walira matope: masiku oyamba ndi amenenso mavuto a seva amachuluka.

Dziwaninso kuti si kampani iliyonse imene imamangirira kulowa msanga ku mtundu wodula. Pa Dawntrail, aliyense amene anagula pasadakhale analowa pa 28 Juni 2024 m'malo mwa 2 Julayi, kaya anagula wa madola 40 kapena wa 60. Werengani bwino musanalipire chinthu chimene mukanachipeza pa mtengo wotsika.

Akonzi, mwana wanga wa zaka 16 amasewera Destiny 2. Akuti ndimugulire gawo latsopano, koma osati lokhalokha, akufuna lokhala ndi zinthu za chaka chonse, lomwe mtengo wake ndi pafupifupi kuwirikiza kawiri. Ine za magemu sindizidziwa. Ndichite bwanji?
*Mayi wa ku Zomba*

Amayi, mwachita bwino kufunsa musanatulutse khadi. Mtundu umene mwana wanu akunenawu ndi wosiyana ndi wa zovala ndi zokwera tafotokoza pamwambapa, chifukwa mkati mwake muli zosewera zenizeni. Vuto lake n'lakuti mumalipira lero zinthu zimene zidzatuluke miyezi ikubwerayo.

Chitsanzo ndi The Final Shape ya mu 2024. Gawo lokha linali madola 50, ndipo linkabwera ndi Episode (kachigawo ka nkhani kotuluka pakati pa chaka) yoyamba, Echoes. La Annual Pass linali madola 100, ndipo linkawonjezera ma Episode awiri, Revenant ndi Heresy, ma dungeon awiri, ndi tina tokongoletsa. Kugula payokha, Episode iliyonse inali pafupifupi madola 15, ndipo kiyi ya ma dungeon awiriwo pafupifupi 20. Mukaphatikiza 15, 15 ndi 20 mupeza 50, ndalama yomweyo imene munawonjezera. Ndiye kuti wogula zonse pakamodzi sanapulumutse ndalama yooneka, anangolipiriratu. Revenant inatuluka mu Okutobala 2024, Heresy mu Febuluwale 2025. Mwana amene anatopa ndi gemuyo mu Ogasiti, kapena amene anatanganidwa ndi mayeso, analipira zinthu zimene sanazigwire. Akuluakulu anati osagula mbereko mwana asanabadwe.

Pali chinanso chimene makolo ambiri sadziwa. M'magemu a pa intaneti simugula chinthu chosunga mpaka kalekale, mumagula chilolezo chosewera. Mu Novembala 2020 kampani ya Bungie inachotsa mu Destiny 2 nkhani za Red War, Curse of Osiris ndi Warmind, ndipo mu Febuluwale 2022 inachotsa nkhani ya Forsaken, zonsezi zinali zoti anthu analipira. Zambiri za m'ma Episode nazo zinachotsedwa chaka cha gemu chitatha. Choncho simunganene kuti adzasewera akadzamaliza Fomu 4.

Malangizo athu ndi awa. Mugulireni gawo lokhalo. Mugwirizane kuti china chikatuluka, ndipo iye akadali kusewera, mudzaonanso. Mufunseni ngati ali ndi anzake awiri osewera nawo nthawi zonse, pakuti ma dungeon anapangidwira anthu atatu, ndipo kwa mwana wosewera yekha kiyi ija ingathe kungokhala. Mukamaliza kulipira, chotsani khadi lanu pa akaunti yake. Khadi likasiyidwa, kugula ndalama ya mu gemu yotchedwa Silver kumangofuna kudina kawiri.

Akonzi, ndili ku UK ndipo ndikufuna kugulira mng'ono wanga wa ku Mzuzu Collector's Edition ya Final Fantasy XIV ngati mphatso. Ndingogula code kuno n'kumutumizira pa WhatsApp?
*Wowerenga wa ku Leeds*

Musagule musanamufunse zinthu ziwiri. Choyamba, amasewerera pati? Final Fantasy XIV imasiyanitsa chilolezo cha Windows chogulidwa kwa Square Enix, cha Steam (shopu ya magemu pa kompyuta), cha Mac ndi cha PlayStation. Amene anayamba ndi Steam ayenera kugula magawo onse pa Steam, code ya Windows wamba siyilowa pa akaunti yake. Chachiwiri, akaunti yake inalembetsedwa chigawo chiti? Code ya ku North America siyigwira pa akaunti ya ku Ulaya. Pa World of Warcraft n'chimodzimodzi, Americas ndi Europe n'zosiyana, ndipo munthu wanu simungamusamutse kuchoka chigawo china kupita china. Pa PlayStation, khadi la ndalama la ku UK limagwira pa akaunti ya UK yokha, la ku South Africa pa ya South Africa yokha.

Muonenso ngati wafika poti n'kugwiritsa ntchito gawo latsopanolo. Nkhani ya gemuyi imayenda motsatana, simungadumphe popanda kulipira padera. Dawntrail imayambira pa level 90, ndipo mu Okutobala 2023 kusewera kwaulere kunafika mpaka ku gawo la Stormblood, level 70. Ngati mng'ono wanuyo akadali m'magawo oyambirira, pali maola mazana angapo asanaone chimene mwamugulira, ndipo pofika nthawiyo mtengo ungakhale utatsika. Mphatso imene ingamuthandize kwambiri ndi khadi la masiku 60 osewera, makamaka poti kulipira m'madola kuchokera ku Malawi n'kovuta chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja, ndipo Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Koma samalani: akaunti yaulere ikangolembetsa gemu yogula, siyibwereranso ku kusewera kwaulere, ndiye kuti kuyambira pamenepo azilipira mwezi ndi mwezi.

Pewani masamba ogulitsa ma code otchipa modabwitsa. Ena mwa ma code amenewo amagulidwa ndi makhadi obedwa, ndipo mwini khadi akadandaula ku banki, kampani imalanda chilolezocho.

Akonzi, nanga bokosi lenileni lija, lokhala ndi chidole ndi buku la zithunzi?
*Wowerenga wa ku Johannesburg*

Limeneli ndi nkhani ina, chifukwa mumagwira chinthu m'manja ndipo seva ikadzatsekedwa chidole chidzakhalabe pa shelefu. Kwa munthu amene wakhala zaka zambiri mu gemu imodzi, sitingamuletse. Koma muligule chifukwa mwalikonda, osati poyembekeza kudzaligulitsa pa mtengo wokwera. Mabokosi ochepa okha ndi amene amakwera mtengo, makamaka osatsegulidwa, ndipo code ikagwiritsidwa ntchito mtengo umagwa.

Werengani mndandanda wa zamkati mpaka pansi. Pa Dawntrail panali Collector's Box yogulitsidwa payokha, yokhala ndi chidole, mapu ansalu ndi zina, koma yopanda gemu. Pa mtengo wolembedwawo muwonjezere ndalama yotumizira, yomwe imakhala yambiri poti bokosi n'lalikulu, komanso msonkho wa katundu wolowa m'dziko. Funsaninso ngati code imatumizidwa pa imelo kapena ili m'bokosimo. Ikakhala m'bokosi, anzanu adzakhala akusewera inu mukudikira katundu amene akadali m'njira, ndipo mukalephera kupirira mudzagula gemu yomweyo kawiri. Ngati mwagula kale mtundu wa pa intaneti, fufuzani ngati kampaniyo imabweza ndalama yake mu akaunti mukalowetsa code ya m'bokosi, ndipo muchite zimenezi musanaitanitse.