Bonasi yaikulu kapena malipiro okhazikika?

Funso: "Mwana wanga wamaliza kumene maphunziro a zamalonda ndipo wapeza mwayi wa ntchito malo awiri. Kwina malipiro a pamwezi ndi ochepa, koma akulonjeza komishoni ndi bonasi akagulitsa zambiri. Kwinako malipiro ndi okhazikika, opanda zowonjezera. Iye akuti bonasi ndiyo idzamupatse mphamvu. Kodi n'zoona?"

Mayi, mwana wanu sakunama, kungoti waona mbali imodzi yokha.

Ndalama zimalimbikitsadi munthu ngati zimene wagwira zikuwerengeka. Kampani ya ku America yoika magalasi a galimoto, Safelite, inasiya kulipira antchito potengera maola n'kuyamba kuwalipira pa galasi lililonse. Katswiri wa zachuma, Edward Lazear, anasonyeza mu 2000 kuti magalasi amene munthu mmodzi ankaika anachuluka ndi 44 peresenti. Koma pali china chimene ofuna ntchito sauzidwa. Pafupifupi theka lokha la kukwerako ndilo linabwera chifukwa cha khama la antchito omwe aja. Linalo linabwera chifukwa ochedwa manja anachoka, n'kubwera achangu. Ndiye kuti malipiro otere amasefanso anthu, ndipo wachilendo amene sanapeze makasitomala akeake ndi amene amavutika kwambiri miyezi yoyambirira.

Chimene chimandidetsa nkhawa kuposa zonse n'chakuti munthu amathamangira chinthu chimene mabwana akuwerenga, ngakhale chikhale chopweteketsa. Ku banki ya ku America ya Wells Fargo antchito ankapatsidwa chiwerengero cha maakaunti oti atsegule, ndipo bonasi ngakhale ntchito imene zinkadalira pamenepo. Mu 2016 zinaululika kuti panatsegulidwa maakaunti pafupifupi 2 miliyoni eni ake osadziwa. Bankiyo inalipitsidwa chindapusa cha madola 185 miliyoni, ndipo antchito pafupifupi 5,300 anachotsedwa. Ambiri mwa iwo sanali mabwana amene anakhazikitsa ziwerengerozo.

Mphoto ingathenso kuziziritsa chidwi. Mu 1971 katswiri wa za maganizo a anthu, Edward Deci, anapeza kuti ophunzira amene ankalipidwa pa masewera olumikiza tizidutswa anachepetsa kusewera pa nthawi yopuma ndalama zitasiya kubwera.

Choncho musamuletse, komanso musamukankhire kumeneko. Khalani naye pansi akonze mafunso oti akafunse asanasaine. Bonasiyo amaiwerengera bwanji, ndipo zalembedwa m'kalata ya mgwirizano kapena angonena pakamwa? Mwa anthu amene analembedwa chaka chatha, ndi angati anailandira? Funso limeneli lokha limaulula zambiri. Bwana akayamba kuzungulira poyankha, mwana wanu achenjere. Afunsenso ngati kasitomala akabweza katundu komishoni imadulidwa, komanso ngati chiwerengero chimakwezedwa munthu akangochikwanitsa, chifukwa makampani ena amatero.

Ine ndingamulangize kuti awerengere malipiro a pansi okhawo, ngati kuti bonasi kulibe. Akaona kuti angalipire nyumba, mayendedwe ndi chakudya kwa miyezi sikisi popanda komishoni, ndipo kugulitsa amakukondadi, apite akayese. Ngati sizikukwana, ayambe kaye kwa malipiro okhazikikako, makamaka ngati kuli munthu womuphunzitsa ntchito. Akadziwa ntchitoyo ndi kudziwana ndi makasitomala, ya komishoni adzaipezabe, ndipo adzakambirana malipiro ali ndi poyimira.