Chisipanishi ndi sociology pamodzi: yankho kwa achemwali a ku Texas

Achemwali, mwafunsa ngati n'kwanzeru kutenga Chisipanishi ndi sociology ngati ma major awiri (maphunziro aakulu a digiri) pakoleji yanu ku Texas, pomwe makolo kumudzi akuti bwanji osangochita za unamwino. Ine ndikuti tengani, koma yambani mwaona kuti Chisipanishicho mukuchiyambira pati.

Digiri ya ku America kawirikawiri imafuna makirediti 120 (mapointi amene mumapeza mukakhoza makalasi), ndipo major imodzi imadya 30 kapena kuposerapo. M'makoleji ambiri makalasi oyambirira, aja a moni ndi mayina a masiku, sawerengedwa pa major. Mukayambira pansi penipeni, masemesita anayi atha musanalowe m'makalasi owerengedwawo, ndipo ambiri mwa amenewo ndi a ndakatulo ndi mabuku, osati kucheza ndi anthu. Ngati zili choncho, minor (phunziro la makirediti ochepa kuposa major) ikukwanani, bola mudzalembe DELE, mayeso a Chisipanishi a bungwe la ku Spain la Instituto Cervantes, n'kufika mulingo wa B2, wa munthu woyankhula bwino ndithu. Pepala limenelo limadziwika kulikonse ndipo silitha ntchito.

Koma ngati mukuyankhula kale pang'ono, musazengereze. Kalembera wa 2020 anapeza anthu a Hispanic (amene makolo awo kapena iwo eni anachokera kumayiko oyankhula Chisipanishi) oposa 62 miliyoni ku America, ndipo ku Texas ndi pafupifupi anayi mwa khumi aliwonse. Sociology ndi kufunsa anthu za moyo wawo. Mayi wa ku Honduras ali pamzere pachipatala ku Houston sangakuululireni za lendi, za mapepala kapena za nkhanza za mwamuna wake pamaso pa womasulira. Amangoti zonse zili bwino, n'kuyang'ana pansi. Mukamufunsa m'chiyankhulo chake, nkhani imatuluka yokha.

Kumbali ya sociology, musathawe statistics ngati mmene amachitira ambiri. Amene amadziwa mapulogalamu a pakompyuta a statistics monga R kapena SPSS ndiye amalembedwa ntchito msanga. Dziwaninso kuti pa viza ya ophunzira ya F-1, OPT (chilolezo chogwira ntchito mukamaliza digiri) ndi miyezi 12 basi. Pali miyezi 24 yowonjezera, koma ndi ya maphunziro a STEM (sayansi, tekinoloje, uinjiniya ndi masamu), ndipo Chisipanishi sichili m'gulumo. Mukafuna kudzakhala social worker wa layisensi yothandiza odwala, mudzafunikabe MSW, digiri ya masters ya social work. Makolo akamanena za unamwino sakulakwa konse, akuwerengera ndalama.

Ngati mtima uli wodzabwerera kumudzi, Chisipanishi ntchito yake ndi yochepa. Mu Africa muno ndi Equatorial Guinea yokha imene imachigwiritsa ntchito m'boma. Komabe chidzakufupikitsirani njira ya Chipwitikizi, chomwe n'chofunika ku Tete ndi ku Nacala. Sabata ino kalembeni placement test (mayeso oona pamene Chisipanishi chanu chili), kenako mupite kwa advisor akuonetseni makalasi amene angawerengedwe mbali zonse ziwiri.