Kodi Bakiteriya Imadziwa Bwanji Kuti Mkaka Wafika?

Funso: Ndinawerenga kuti bakiteriya ya E. coli, imene imakhala m'matumbo mwathu, imapanga ma enzyme ogaya shuga wa mumkaka, wotchedwa lactose, pokhapokha shugayo akapezeka. Kodi chamoyo chopanda ubongo chimazindikira bwanji zimenezi? Wophunzira sayansi, Zomba.

Yankho: Mwafunsa funso lomwe François Jacob ndi Jacques Monod a ku Institut Pasteur mumzinda wa Paris anayankha mu 1961, ntchito imene inawapezetsa mphoto ya Nobel mu 1965 pamodzi ndi André Lwoff. Iwo anaonetsa kuti majini atatu, lacZ, lacY ndi lacA, ndi ondondozana pa DNA ndipo amatsegulidwa kapena kutsekedwa nthawi imodzi. Gulu lotereli ndilo operon.

Lactose akasowa, puloteni yotchedwa repressor imakakamira pa kachigawo ka DNA kotchedwa operator, ngati mlonda woima pachipata, ndipo RNA polymerase, enzyme imene imakopera uthenga wa m'majini, imalephera kuwerenga majiniwo. Lactose akalowa m'selo, pang'ono pake amasanduka shuga wofanana naye wotchedwa allolactose, amene amagwira repressor n'kuisintha maonekedwe mpaka repressor ija itachoka pa DNA. Pamenepo majini onse atatu amakoperedwa pa uthenga umodzi wa mRNA, umene selo imatsatira popanga mapuloteni, ndipo enzyme ya lacZ imayamba kuphwanya lactose kukhala glucose ndi galactose, pomwe puloteni ya lacY ikulowetsa lactose wina m'selo.

Chimene ine ndimachiona chogometsa kwambiri ndi chakuti glucose akakhalapo wambiri, operon imeneyi imagwira ntchito mofooka ngakhale lactose alipo, chifukwa bakiteriya imayamba yadya shuga wosavuta kugaya isanawononge mphamvu zake pa wovutayo.