Funsani Adokotala: Ndikufuna kudzagwira ntchito ku casualty

Funso: Adokotala, ndili Fomu 4 ndipo ndimakhala ku Chibavi kuno ku Mzuzu. Ndikufuna ndidzakhale dokotala wolandira odwala mwakayakaya ndi ovulala pangozi. Ndiyambire pati, nanga ntchitoyo imakhala yotani?

Yankho: Mwanangu, poyambira ndi pa MSCE yakoyo. Biology, Chemistry, Physics, Masamu ndi Chingerezi uzikhoze bwino zedi, chifukwa malo ndi ochepa. Digiri ya udokotala, MBBS, imaphunzitsidwa ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS) ku Blantyre, ndipo kwa wochokera ku sekondale ndi zaka 6, choyamba chili chokonzekera. Kenako pali miyezi 18 ya internship pachipatala chachikulu, ndipamene a Medical Council of Malawi amakulola kugwira ntchito pawekha. Ukatswiri wa emergency medicine, womwe ndi wothandiza odwala mwakayakaya, umadza pambuyo pake: ku Cape Town ndi zaka 4, ku Muhimbili ku Tanzania zaka 3. Kuno kwathu, malo odziwika pantchitoyi ndi AETC, casualty ya akuluakulu ya ku chipatala cha Queens ku Blantyre, yomwe inatsegulidwa mu 2011.

Ambiri amaganiza kuti ntchitoyi ndi yothamangathamanga. Ayi, mutu wake ndi kusankha woyamba kumuthandiza. Minibasi ikagubuduka pa Chiweta, Mzuzu Central ikhoza kulandira ovulala khumi nthawi imodzi. Amene akukuwa kwambiri ndiye kuti mpweya ukudutsa pakhosi pake. Woopsa ndi uja wangoti zii pakona, manja ali ozizira. Njira yosankhira ana odwalitsitsa, ETAT, inakhwimira ku Queens komweko, ndipo WHO inaifalitsa kumayiko ena.

Wodwala aliyense umamuyeza motsata A, B, C, D, E, osadumpha: njira ya mpweya, kapumidwe, kayendedwe ka magazi, ngati akuzindikira, kenako thupi lonse atavulidwa. Ongoyamba kumene amakodwa apa: maso amathamangira fupa lotuluka pamwendo wa wakabaza, pamene chikumupha ndi mpweya wotsekeredwa m'chifuwa umene ukufinya phapo ndi mtima. Ameneyo amafunika singano yaikulu pachifuwa pompopompo, X-ray isanajambulidwe n'komwe.

Si ngozi zokha. Mwana wokomoka ndi malungo uyambe wamuyeza shuga. Akatsika, mupatse dextrose (madzi a shuga a m'mitsempha) wa 10%, mamililita 5 pa kilogalamu iliyonse. Artesunate, mankhwala a malungo a m'mitsempha, ndi 2.4 mg pa kilogalamu, koma 3 mg pa kilogalamu kwa mwana wosakwana makilogalamu 20, ndipo amaperekedwa pofika, patatha maola 12 ndi maola 24. Womwa tameki amabwera ali thovu kukamwa, timaso tating'ono ngati nsonga ya singano. Mankhwala ake, atropine, amachulukitsidwa kawiri pamphindi zisanu zilizonse mpaka m'chifuwa mutauma. Ambiri amalakwitsa pompereka pang'ono chifukwa cha mantha.

Zowawa zake usabisidwe. Usiku ndi pa Khirisimasi umakhala pantchito, magazi kapena oxygen nthawi zina zimaperewera, ndipo wochokera ku Chitipa kapena ku Likoma amafika maola ambiri atadutsa. Kuuza abale kuti m'bale wawo watisiya ndi ntchito yako. Komanso amene wamupulumutsa amapita kuwodi, mwina osadzakumananso naye. Ngati umakonda kutsatira wodwala mmodzi kwa zaka, ganizira nthambi ina.

Pakalipano, ukamaliza mayeso kaphunzire chithandizo choyamba kwa a Red Cross. Akakuphunzitsa kudzutsa mtima woima: kudinikiza pachifuwa ka 30, pa liwiro la 100 mpaka 120 pamphindi, kenako kuuzira mpweya kawiri.