N'chifukwa chiyani ku Brazil amalankhula Chipwitikizi?

Owerenga wina watilembera kufunsa kuti: mayiko ambiri a ku South America amalankhula Chisipanishi, nanga zinatheka bwanji kuti Brazil akhale wa Chipwitikizi ngati anansi athu a ku Mozambique?

Achimwene, nkhaniyi inayambira papepala, Mpwitikizi asanapondeko n'komwe. Columbus atabwerako ku ulendo wake wa 1492, Spain ndi Portugal anayamba kulimbirana mayiko a kutsidya kwa nyanja. Papa Alexander VI anadula malire mu 1493, koma mfumu João II ya Portugal sinakhutire nawo. Pa 7 June 1494 mayiko awiriwa anasainirana pangano ku Tordesillas, mzere n'kusunthidwa kufika ma league (muyeso wakale wa mtunda) 370 kumadzulo kwa zilumba za Cape Verde. Kum'mawa kwa mzerewo n'kwa Portugal, kumadzulo n'kwa Spain. Tsono chigawo cha South America chimene chinatundumukira kum'mawa chinagwera Apwitikizi.

Panganoli linali logwetsa mphwayi poligwiritsa ntchito. Silinatchule chilumba choyambirapo kuyeza, league imene inkasiyana kutalika malinga ndi woyeza, ndipo amalinyero ankatha kudziwa kuti ali kumpoto kapena kummwera motani poyeza dzuwa, koma za kum'mawa ndi kumadzulo ankangopenekera. Palibe akanaloza pansi n'kunena kuti malire ndi pano.

Mpwitikizi Pedro Álvares Cabral ananyamuka ku Lisbon mu March 1500 ndi zombo 13, ulendo wa ku India. Pothawa bata la kufupi ndi Guinea, zombo zinkakhotera kutali kumadzulo kukakumana ndi mphepo yozikankhira ku Cape of Good Hope, kunsonga ya kummwera kwa Africa. Iye anakhota mpaka pa 22 April anaona phiri la pagombe la Brazil limene analitcha Monte Pascoal. Sanakhalitse, mtima unali ku zonunkhiritsa za ku India. Kwa zaka 30 Apwitikizi ankangobwera kudzatenga mtengo wa pau-brasil wopangira utoto wofiira.

Afalansa atayamba kulowerera, mu 1534 mfumu ya Portugal inagawa gombe la Brazil m'zigawo 15 n'kupatsa anthu oti aziyendetse ndi ndalama zawo. Zambiri zinagwa. Pernambuco ndi São Vicente zinalimba chifukwa cha nzimbe, ndipo nzimbezo ndi zimene zinayamba kuitanitsa akapolo ochokera ku Africa, amene anaposa 4 miliyoni ukapolo usanathe mu 1888. Ena anakwezedwa zombo pa Quelimane pompa.

Mzere uja sunachedwe kuiwalika. Kuyambira 1580 mpaka 1640 Spain ndi Portugal anali pansi pa mfumu imodzi, choncho osaka akapolo ndi golide a ku São Paulo ankangoudumpha. Pangano la Madrid la 1750 linavomereza kuti aliyense asunge pamene wakhazikika kale.

Koma musaganize kuti chilankhulo chinangotsatira mbendera. Ku São Paulo ndi ku Amazon anthu ambiri, ngakhale ana a Apwitikizi, ankalankhula língua geral yochokera ku Chitupi, chilankhulo cha eni nthaka, yomwe ansembe Achijezwiti ankalalikira nayo. Nduna ya Portugal Pombal ndi imene inailetsa mu 1757 n'kukakamiza Chipwitikizi m'midzi ya eni nthaka, ndipo mu 1759 inathamangitsa Ajezwitiwo.