Nkhope Yada, Yapsa Kapena Yatuwa?

Mayi wina watilembera kuti: "Amayi anga, amene ali ndi zaka 68, nkhope yawo yasintha mtundu chifukwa chokhalitsa padzuwa. Kodi ndinene kuti yada kapena yapsa? Nanga timadontho takuda timene tawatuluka m'masaya ndi zipsera?"

Mayi, mawu awiriwo ndi Chichewa chabwino, koma sanena chinthu chimodzi. Kupsa ndi dzuwa kumachitika mwamsanga: munthu akakhala padzuwa loswa mtengo, pakapita maola ochepa khungu limawotcha, limapweteka likakhudzidwa, ndipo pakatha masiku angapo limatha kusupuka. Kwa munthu woyera khungu limafiira psuu, pamene kwa munthu wakuda kufiirako sikuoneka kwenikweni ngakhale ululu ulipo. Kuda kumabwera pang'onopang'ono, pamene khungu likuchulukitsa melanin, chinthu chimene chimalipatsa mtundu, pofuna kudziteteza ku cheza cha dzuwa. N'chifukwa chake chipumi ndi masaya zimada kuposa khungu limene limabisika m'malaya. Zimene mwafotokozazi ndi kuda.

Komabe mneni ameneyu ngwoterera. Timati kunja kwada, timati malaya ada tikamanena za litsiro, ndipo amene wamva kuti "nkhope ya amayi yada" angaganize kuti sanasukusule. Ine ndingakonde kuti munene kuti khungu lawo laderako ndi dzuwa, chifukwa kutchula dzuwalo kumachotsa chikayiko, ndipo "-ko" amafewetsa mawu monga mmene tiyenera kulankhulira za kholo.

Timadonthoto si zipsera ayi. Chipsera chimatsala pamene panali bala, chilonda kapena chiphuphu. Timene mukunenati timatuluka pakhungu losavulala, pamalo amene melanin waunjikana patapita zaka zambiri dzuwa likuwomba, ndipo mawu oyenera ndi mawanga, kapena timawanga ngati tili tating'ono. Ambiri amati ndi mawanga aukalamba, ngakhale kuti mwini wake weniweni ndi dzuwa. Umboni wake ngwakuti amakonda kumaso ndi kuseri kwa manja.

Pali mneni wachitatu amene simunamutchule, kutuwa. Munthu akamakula khungu limachepa mafuta ndipo limauma, motero limaoneka mbuu ngati lawazidwa phulusa. Limeneli silinade ndiponso silinapse, ndipo munthu akadzola mafuta kutuwako kumachoka, pamene mawanga aja amakhalapobe.